Zala zikauma ndi chiperoni: kuthetsa vuto la manja ozizira panjinga yamoto

Chaka ndi chaka, Meyi akamapita kumapeto, madandaulo a oyendetsa njinga zamoto mu Blantyre amakhala omwewo: zala zauma, buleki sikugwirika bwino, njinga yakana kulira m'mawa. Ambiri amathamangira pa kaunjika ku Limbe kukagula magolovesi onenepa, mawa lake n'kupeza kuti zala zaumanso asanafike n'komwe pa Chichiri. Akatero amati magolovesi ake ndi achabechabe, n'kukagula ena. Ndalama zimathera pamenepo, gwero la vuto lili kwina.

Kuno sikuzizira mpaka madzi kuundana ayi. M'mamawa wa Juni ndi Julayi timaona madigiri 12 kapena 13, masiku ena kuchepera apo, makamaka kumtunda monga ku Bangwe, ku Limbe ndi ku Bvumbwe. Woyenda pansi juzi imamukwanira. Wapanjinga zake ndi zina, chifukwa liwiro limadzipangira mphepo yake. Kunja kukakhala madigiri 10, inu n'kumathamanga makilomita 60 pa ola, khungu limataya kutentha ngati kuli madigiri 5. Kenaka pabwere mawawa a chiperoni, aja amagona masiku awiri kapena atatu osakata.

Musaitenge ngati nkhani yongopirira. Zala ndizo zimafinya buleki yakutsogolo ndi kilatchi. Zikazizira zimachedwa, ndipo zikafinya sizidziwa muyezo: mwina pang'ono kwambiri, mwina kumanga tayala n'kutsetsereka pa phula lonyowa.

Pezani chizindikiro chanu pansipa. Pa chilichonse ndayamba ndi chomwe chimachitika kawirikawiri.

## Kunja n'kouma, koma zala zimauma mukangoyenda pang'ono

1. Mphepo ikudutsa m'magolovesi. Magolovesi oluka aja amafunda mukakhala pa siteji kudikira kasitomala, koma pamsewu mphepo imalowa m'timabowo tonse ta ulusi. Kuyesa kwake: valani, ikani kuseri kwa dzanja pakamwa, uzirani mwamphamvu. Mukamva mpweya pakhungu, dziwani kuti mphepo ya pamsewu ikungodutsa.

- Valani awiri: oluka opyapyala mkati, achikopa kapena a nsalu yosalowa mphepo kunja. Awiri opyapyala amaposa amodzi onenepa, chifukwa chimene chimafunditsa ndi mpweya wotsekeredwa pakati pawo.
- Tchingani mphepo isanafike padzanja. M'mashopu a sipeya muli zotchingira manja za pulasitiki zomanga pa handulo, monga zomwe mumaziona pa njinga za ogwira ntchito kumidzi. Pa zonse zomwe mungagule, izi ndizo zimasintha zinthu kwambiri.
- Ndalama zikavuta, chigubu cha malita 5 cha mafuta ophikira chimagwira ntchito. Chitsukeni, chiduleni pakati, boolani poti tsinde la galasi loonera kumbuyo lidutse, mangani zolimba, ndipo palani m'mbali mwake kuti musadzicheke. Sichioneka bwino, koma pa 5 koloko m'mawa palibe amene amayang'ana.

Chenjezo pa chigubucho: mphepo ikachikankhira mkati chimatha kukanikiza liva ya buleki kapena ya kilatchi inu osadziwa. Musananyamule munthu, chikankheni ndi dzanja kuchokera kutsogolo. Chikagunda liva, chichotseni. Pindaninso handulo mbali zonse kuti muone ngati sichikukola thanki kapena kebulo.

2. Chifuwa chazizira. Apa ndi pomwe anthu amatsutsa, koma ndi mmene thupi limagwirira ntchito. Pakati pa thupi pakazizira, mitsempha yopita kumanja ndi kumapazi imafinyika kuti magazi ofunda asungike ku mtima ndi mapapo. Ndiye ngakhale mutavala magolovesi odula bwanji, mulibe chofunda choti asunge. Mukaima, pisani dzanja pachifuwa. Malaya akakhala ozizira, kapena mukamva kamzere kozizira motsata zipi, vuto lili pamenepo.

- Chosalowa mphepo chikhale kunja. Renikoti pamwamba pa juzi, osati juzi yokha, ngakhale ikhale yaubweya weniweni.
- Pindani nyuzipepala yakale, ikani pachifuwa mkati mwa jekete. Imatseka mphepo ya pa zipi. Dzuwa likatuluka mumangoichotsa.
- Tsekani khosi. Koma sikafu kapena chitenje chilowe chonse m'jekete. Nsalu yolendewera imakodwa mu tcheni kapena m'masipoko, ndipo izi muziwauzanso amayi amene mwawanyamula atafunda chitenje.
- Kajekete konyezimira kaja n'kothandiza kuti a minibasi akuoneni m'chifunga. Kufunda ndiye ayi.

3. Mpata pakati pa golovesi ndi mkono wa jekete. Imirirani, tambasulani manja ngati mwagwira handulo. Jekete zambiri za pa kaunjika zimathawira m'mwamba n'kusiya khungu poyera, pomwe mitsempha ya magazi imadutsa pafupi kwambiri ndi khungu. Mphepo imalowanso pomwepo n'kukwera mpaka m'khwapa. Dulani kuphazi kwa sokosi yakale, boolani poti chala chachikulu chituluke, valani pamkonopo.

4. Magolovesi akuthina. Izi zimachitika makamaka mukawonjezera achiwiri mkati mwa amene anali okukwanani kale. Fumbatani dzanja. Nsonga za zala zikagunda kumapeto, kapena mukavula n'kuona mizere ya msoko pakhungu, magazi sakuyenda bwino. Akunja akhale okulirapo. Wotchi yothina ndi kalamba ka pamkono komanga kwambiri zimachitanso chimodzimodzi.

5. Njala, fodya ndi mowa. Thupi lopanda chakudya silipanga kutentha kokwanira. Amene amayamba ntchito mbandakucha ali ndi tiyi wopanda mkaka yekha m'mimba amakongwa msanga kuposa amene wadya phala, mbatata kapena chinangwa. Fodya amafinya mitsempha ya m'zala, choncho ndudu ya pa siteji ija imawonjezera vuto. Kachasu ndiye amanamiza: amatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva ngati wafunda pomwe kutentha kukutuluka m'thupi. Apo sitinanene za kuyendetsa utamwa.

## Kouma zinthu zili bwino, chiperoni akayamba manja amazizira

Golovesi yonyowa pamphepo ili ngati chiguduli chonyowa chokutira mtsuko: madzi akamauma amachoka ndi kutentha kwa chimene chili mkati. Apa chili mkati ndi dzanja lanu. Madzi amachotsa kutentha pakhungu mwachangu kuposa mpweya maulendo oposa 20.

1. Magolovesi sanaume kuyambira dzulo. Kunja amaoneka ouma, koma pisani chala mpaka kunsonga mumve chinyezi. Chiperoni akagwa dzuwa kulibe, choncho khalani ndi mapeya awiri osinthanitsa, ena muziwasunga m'jumbo pansi pa mpando. Usiku apakireni mapepala a nyuzipepala mkati, kusintha mapepalawo musanagone. Osawayanika pa egizozi kapena pamwamba pa mbaula: chikopa chimauma n'kusweka, pulasitiki imasungunuka. Ndipo mbaula isagone m'chipinda chotseka pofuna kuumitsa zovala. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo.

2. Madzi akuyenderera kuchokera pa jekete. Ngati mkati mwanyowa kuyambira pamkono, pomwe zala zili zouma, ndiye kuti madzi akutsika ndi mkono wa renikoti n'kulowa m'golovesi. Kukamagwa mvula, mkono wa renikoti ukhale pamwamba pa golovesi.

3. Chikopa chamwa madzi. Donthezani madzi kuseri kwa golovesi. Akalowa osayenderera, pakani polishi wa nsapato kapena mafuta a chikopa, makamaka m'misoko. Pachikhatho musapake, mudzaterereka pa handulo. Njira ina yotchipa ndi magolovesi amphira ochapira mbale kapena ogwirira ntchito, aakulu ndithu, kuvala pamwamba pa oluka. Salowa madzi kapena mphepo. Kuipa kwake n'kwakuti mukagwa sateteza khungu ngati chikopa.

4. Thukuta. Ena amavala magolovesi opyapyala akuchipatala mkati. Paulendo waufupi amathandiza, koma tsiku lonse dzanja limasambira m'thukuta, ndipo mukawavula limazizira kawiri.

Thukutali ndi lomwe limavutitsa amene amachokera ku Chikwawa. Kuchigwa kumakhala kofunda ngakhale mu Julayi, munthu amanyamuka malaya ali chinyezi, kenaka msewu umakwera mamita pafupifupi 900 pa mtunda waufupi. Pa mamita 1,000 aliwonse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo pamwamba pake mungakumane ndi chifunga. Valani jekete ndi magolovesi ouma pa Thabwa, musanayambe chikweza. Mukadikira kuti mumve kaye kuzizira, mudzakhala muli kale m'makona momwe mulibe poima pabwino.

## Dzanzi lili dzanja limodzi, kapena zala zina zokha

Apa kuzizira kumangoonetsa vuto lomwe linalipo kale.

1. Mukufinya handulo kwambiri. Munthu akakongwa amakweza mapewa, n'kuumitsa zigongono. Panani thanki ndi mawondo, masulani manja. Pa maloboti kapena pamzere wa magalimoto, tsitsani dzanja limodzi, fumbatani n'kutambasula kangapo.

2. Njinga ikunjenjemera mopitirira. Lizani injini njinga ili chiimire, yang'anani magalasi. Akamanjenjemera mpaka osaona kanthu, fufuzani:
- mabawuti ogwira injini ku felemu, amene amamasuka kawirikawiri m'misewu ya mabampu ya ku Machinjiri kapena ku Chirimba;
- tizitsulo tolemera ta kumapeto kwa handulo, ngati njinga yanu inabwera nato ndipo tinagwa;
- mphira wa pa handulo wotha kapena wouma;
- tcheni chokoka kwambiri.

Mukamanga zonsezi kunjenjemera n'kupitirira, makamaka ngati mukumveka kugogoda m'injini, pitani kwa makaniko. Osatsegula injini pa siteji.

3. Maliva anapendekera m'mwamba. Mukakhala pampando, mkono, dzanja ndi zala zizipanga mzere umodzi pofika pa liva. Ngati mukupinda dzanja m'mwamba kuti muigwire, masulani mabawuti ake, itembenuzireni pansi pang'ono, mangani.

4. Mtsempha wapanikizika. Dzanzi la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, lomwe limakudzutsani usiku, limasonyeza mtsempha wopanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. La kachala kakang'ono ndi koyandikana nako ndi la mtsempha wina wodutsa pachigongono. Magolovesi sachiza zimenezi. Zikatha milungu iwiri, kapena mukayamba kugwetsa zinthu, kaonaneni ndi adokotala.

5. Matenda ena. Dzanzi la manja onse awiri pamodzi ndi mapazi, ngakhale kukutentha, limabwera ndi matenda a shuga, komanso ndi mankhwala ena a TB. Kuchepa kwa magazi nako kumachititsa munthu kukongwa msanga. Kayezetseni. Ngati muli pa mankhwala musasiye nokha. Auzeni achipatala, ali ndi njira yothandizira.

## Zala zimawawa kapena kuyabwa mukaziwotha

Kawirikawiri ndi chifukwa chofunditsa mothamanga. Munthu watsika panjinga, zala sizikumva kanthu, n'kuziika pa chiwaya cha tchipisi, pa mbaula kapena pa injini. Khungu la dzanzi silidziwa kuti likupsa. Matuza amaoneka madzulo.

- Pisani manja m'khwapa, mkati mwa malaya.
- Fumbatani kapu ya tiyi, kapena viikani m'madzi ofunda oti chigongono chikupirira bwinobwino.
- Zunguzani mikono kuti magazi atsikire kuzala. Osatikita mwamphamvu.

Khungu likamang'ambika m'mfundo za zala, ndi mphepo youma ya nyengo ino. Vaseline kapena gilisalini usiku, osati m'mawa ponyamuka.

Pali ena omwe zala zawo zimatuwa mpaka kuoneka zopanda magazi, zikhadabo n'kuchita bii, kenaka n'kufiira ndi ululu zikamafunda, ndipo zimachitika mobwerezabwereza ngakhale kuzizira kuli kochepa. Awa ndi matenda a mitsempha otchedwa Raynaud, ndipo kunjenjemera kwa handulo kwa zaka zambiri kumatha kuwayambitsa. Awa ndi a kuchipatala, makamaka pakatuluka kachilonda kunsonga ya chala.

## Liva ya buleki kapena kilatchi ikulimba

Choyamba dziwani ngati ndi manja anu kapena njinga. Mupempheni mnzanu wa manja ofunda aifinye. Akati ili bwino, vuto ndi manja anu: bwererani ku magawo a pamwambapa. Akavomereza kuti yalimba:

1. Kebulo yauma. Fumbi la Meyi likasakanikirana ndi madzi a chiperoni limapanga phala mkati mwa kebulo. Imasuleni kumtunda, donthezani oyilo wopepuka, ikokeni mobwerezabwereza.
2. Bawuti yomwe liva imazungulirapo yachita dzimbiri. Tsukani, pakani girisi.
3. Kebulo yayamba kuthothoka tiwaya. Mukaona kawaya kamodzi kotuluka, sinthani lero lomwe.
4. Magolovesi anenepa kwambiri, moti zala sizikufika bwino pa liva, kapena chala chachikulu chikuphonya hutala ndi indiketa. Bola ozizirako pang'ono koma omva chimene mwagwira.

Chopatsira moto chikapanda kubwerera chokha mukachisiya, kapena liva ya buleki ya disiki ikafewa mpaka kugunda handulo, njingayo isayende. Ikankheni mpaka kwa makaniko.

Matayala nawo mpweya umatsikako kukazizira, ndipo mphira wozizira sugwira bwino msewu. Yezani mpweya m'mawa musanayende, ndipo makilomita oyamba muyende mofatsa, makamaka pa ma roundabout ndi pa mizere yopenta, yomwe imaterera ikanyowa.

## Galasi la helimeti likuchita nthunzi

Kawirikawiri ndi mpweya wanu womwe, makamaka ngati sikafu yaphimba mphuno n'kumaukankhira m'mwamba. Tsitsani sikafu pansi pa mphuno, tsegulani galasi pang'ono poti chala chilowe. Pakani kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale mkati mwa galasi, dikirani aume, pukutani ndi nsalu yofewa. Galasi lokandikakandika kapena lakuda silithandizika ndi sopo. M'chifunga cha pa msewu wa ku Thyolo ndi loopsa, sinthani. Nyali ikhale yoyaka ngakhale masana.

## Njinga ikukana kulira m'mawa

1. Choko. Injini yozizira imafuna petulo wambiri. Kokani choko, lizani osapatsa moto wambiri, ikakhazikika bwezerani. Mukaiwala kubwezera, petulo amatha msanga ndipo pulagi imada.
2. Batire lafooka. Imbani hutala. Ikamveka ngati yatopa, gwiritsani kiki. Batire labwino limawerenga mavolti 12.6 njinga ili chete, ndipo cha m'ma 14 injini ikamalira. Likamafa m'mawa uliwonse, liyezetseni pamodzi ndi chotchajira chake musanagule lina.
3. Chinyezi pa pulagi. Njinga yogona panja pa mame kapena chiperoni: vulani kapu ya pulagi, pukutani, bwezerani. Usiku ifunditseni ngakhale ndi thumba.
4. Madzi mu kabureta. Masulani kasikuluwu ka pansi pake, petulo atuluke pang'ono m'botolo loonekera. Madzi amakhala pansi.
5. Mavavu athina. Kiki ikapepuka kuposa kale, njinga n'kumafuna kukankhidwa tsiku ndi tsiku, ndi ntchito ya makaniko.

## Mwaika zotenthetsa handulo zamagetsi, batire likutha

Zilipo, ena amaitanitsa kunja, ndipo zimafunda ndithu. Koma zimadya magetsi ofanana ndi nyali yakutsogolo, pomwe njinga zathu zazing'ono za 100cc mpaka 150cc sizipanga magetsi otsalira ambiri, makamaka poyenda pang'onopang'ono m'tauni. Vuto lofala ndi kuzilumikiza molunjika ku batire, n'kuziiwala zili zoyaka. Zidutse pa swichi ya kiyi ndiponso zikhale ndi fyuzi yakeyake. Mukamva fungo la waya wopsa, kapena fyuzi ikaphulika kawiri, zimitsani n'kupita kwa wodziwa zamagetsi a njinga. Osalowetsa waya m'malo mwa fyuzi. Komanso zimafunditsa chikhatho chokha, kuseri kwa dzanja kumafunabe chotchinga mphepo.

## Pamene muyenera kuimika njinga

Imani, ngakhale kasitomala akunena kuti achedwa ku ntchito, mukaona izi:

- simungathe kugunditsa chala chachikulu ndi kachala kakang'ono;
- mukulephera kutseka zipi kapena kutulutsa chenji m'thumba;
- mukunjenjemera mpaka handulo ikugwedezeka;
- mwaphonya giya kapena njira yomwe mumaidziwa bwino.

Auzeni mwaulemu kuti, "Pepani bwana, tiime kaye pang'ono, manja auma." Lowani pomwe pali tiyi, fundani kaye.

Thamangirani kuchipatala, kaya ku Ndirande, ku Limbe, ku Zingwangwa, ku Bangwe, kapena molunjika ku chipatala chachikulu cha Queens zikakhala zazikulu, ngati:

- mnzanu wanyowa, akuyankhula ngati woledzera asanamwe, akusokonezeka kapena akuwodzera. Akasiya kunjenjemera koma thupi lili lozizirabe, zafika poipa: kutentha kwa thupi kwatsika kwambiri, pansi pa madigiri 35. Muvuleni zonyowa, mufunditseni bulangete kuyambira pachifuwa, mupatseni tiyi wa shuga ngati akutha kumeza, mowa ayi;
- dzanzi labwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa papotoka kapena mawu akuvuta kutuluka. Uku si kuzizira, ingakhale sitiroko;
- chifuwa chikuthina kapena ululu ukutsikira kumkono wamanzere;
- chala sichikubwerera mtundu wake kapena kumva ngakhale mwachifunditsa kwa ola;
- munthu wa matenda a magazi obadwa nawo otchedwa sickle cell wayamba kumva ululu m'mafupa atazizidwa.

Amene mumanyamula ana a sukulu m'mawa, dziwani kuti mwana amataya kutentha msanga kuposa wamkulu, ndipo amene wakhazikidwa kutsogolo pa thanki ndiye amalandira mphepo yonse atavala yunifolomu yokha. Akhale kumbuyo kwanu komwe thupi lanu likumutchinga, atavala helimeti ndi chosalowa mphepo, ndipo muwauze makolo ake amugulire timagolovesi, chifukwa zala zake zikauma sangagwire zolimba. Mwana amene anali kulongolola n'kungoti zii panjira, imani mumuone.